Chimene chimalepheretsa mtedza wa ku Dedza kupikisana pa msika wakunja

Fakitale yokazinga mtedza ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, kapena yopanga chiponde ku Johannesburg ikafuna matani 30 a mtedza, siyifunsa kuti walima ndani kapena wavutika nawo bwanji. Imafuna kudziwa mtengo wa tani imodzi katunduyo atafika pageti pake, ngati thumba loyamba likufanana ndi thumba la nambala 600, ngati poizoni wa chuku ali pansi pa malire, komanso ngati thiraki idzafikadi tsiku limene mwagwirizana. Amalonda a ku Argentina, India, Brazil ndi America amayankha mafunso amenewa chaka ndi chaka. Mlimi wa ku Lobi kapena ku Linthipe akulimbana ndi anthu amenewa, ngakhale dzina la Córdoba, kumene kumachokera mtedza wambiri wa ku Argentina, sanalimvepo. Akamati dera likupikisana pa msika wa dziko lonse lapansi, tanthauzo lake ndi limeneli basi: katundu wofanana, wokwanira thiraki, wofika pa nthawi, pa mtengo umene wogula sangaupeze kwina mosavuta.

Nkhaniyi ndi ya Malawi yense, chifukwa Malawi amagulitsa kunja katundu wa ndalama pafupifupi 1 biliyoni ya madola pa chaka, pamene amagula wa pafupifupi 3 biliyoni, ndipo pafupifupi theka la zogulitsazo ndi fodya yekha. Mizere ya pamalo omwetsera mafuta ndi kuchedwa kwa feteleza zimachokera pa kusiyana kumeneku. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amanena za ulimi wa malonda ndi mafakitale. Koma mapulani sakweza thumba pa thiraki. Kuti timve pamene zinthu zimathina, ndi bwino kutsata katundu mmodzi kuchokera kumunda mpaka kudoko, ndipo mtedza ndi woyenera chifukwa tinaugulitsapo kale. M'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa ma 1980, mtedza wa Chalimbana unkapita ku Ulaya wochuluka kudzera ku Admarc. Malondawo anagwa chakumapeto kwa ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, ogula atayamba kukhwimitsa za chuku, ndiponso kusankha magiredi pamsika kutatayirira.

Matani 30 amachokera kwa alimi angati?

Ambiri amaganiza kuti popeza ganyu kuno ndi wotsika mtengo, katundu wathu ayenera kukhala wotchipa. Sizili choncho. Chimene chimawerengedwa ndi ndalama zolowa pa kilogalamu imodzi, ndipo zimenezi zimadalira zokolola pa ekala.

Tiyerekeze mlimi wa ekala imodzi amene wakolola makilogalamu 400 a mtedza wosaswa. Akaswa, makoko amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye atsala ndi 270. Achotsepo 70 ya mbewu ndi nsinjiro za pakhomo, atsala 200. Posankha, wonyala, wosweka ndi wothimbirira atenga 20 pa 100 alionse, kutsala makilogalamu 160 oyenera kupita kunja. Kuti thiraki ya matani 30 idzaze, pafunika alimi otere pafupifupi 190. Aliyense ali ndi mbewu yake, tsiku lake lokumba, ndi kaumitsidwe kake. Mlimi yemweyo atakolola makilogalamu 800 pa ekala yomweyo, masamu omwewo amapereka pafupifupi 375, ndipo thiraki idzadza ndi alimi 80 okha. Kuyendera alimi 80, kuwaphunzitsa ndi kutolera katundu wawo n'kotchipa kwambiri kuposa 190, ndipo mwayi woti mmodzi aipitse katundu wa onse umachepa.

Kuchoka pa 400 kufika pa 800 sikufuna zodabwitsa. Mbewu yobwezerezabwezereza zaka zambiri iyenera kusinthidwa ndi yovomerezeka. Mtedza ubzalidwe ndi mvula yoyamba, osati kudikira kuti chimanga ndi fodya zithe kaye, chifukwa mtedza wa mtundu wa CG7 umafuna masiku 130 mpaka 150 ndipo ukachedwa umakhwimira pa dothi louma. Mizere italikirane masentimita 75, ndipo kubzala mizere iwiri pamwamba pa mzere uliwonse kumachulukitsa mapando, kumaphimba nthaka msanga ndi kuchepetsa nsabwe zimene zimafalitsa matenda a kadukutu. Kumene kadukutu amavuta chaka chilichonse, mbewu ya Nsinjiro imapirira kuposa CG7. Chofunika kwambiri pa malonda n'chakuti kalabu yonse ibzale mtundu umodzi. Ogula akunja amagula potengera kukula kwa njere, monga 40/50 kapena 60/70, kutanthauza chiwerengero cha njere pa magalamu 28. Mtedza wosakaniza waukulu ndi waung'ono sukazingika bwino: wina upserera wina usanapse, ndipo fakitale siyibweranso.

Chuku

Apa ndi pamene katundu wathu wambiri amagwera. Nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus imatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene saoneka ndi maso, sanunkha, ndipo satha ngakhale mukazinge. Mayiko a European Union amalola mamaikulogalamu 4 okha pa kilogalamu ya mtedza wodyedwa mwachindunji, ndi 15 pa umene ukukasankhidwanso. Malire a 4 akutanthauza mamiligalamu 120 m'thiraki yonse ya matani 30. Mayiko ena amalola 10 kapena 15. Poyeza satenga thumba limodzi lapamwamba. Amatapa pang'onopang'ono malo ambirimbiri m'katundu yense n'kugaya pamodzi. Ndiye njere zowerengeka zovunda zochokera kwa mlimi mmodzi zitha kubwezetsa kontena yonse itafika kale kudoko la eni ake, ndipo ndalama zoibweza kapena kuiwononga amalipira ndi wogulitsa.

Chuku chimayamba mtedza ukadali m'nthaka. Mvula ikadula msanga pamene njere zikukhwima, makoko amang'aluka ndipo nkhungu imalowa. Chiswe chikaboola makoko ndi chimodzimodzi. N'chifukwa chake kubzala msanga ndi kupanga ngonyeka zosunga madzi m'mizere si nkhani ya zokolola zokha. Tsiku lokumba nalo ndi lofunika. Zulani mapando angapo m'malo osiyanasiyana a munda, iswani makoko, ndipo ngati 7 kapena 8 mwa 10 ali ndi madontho akuda mkati, wakhwima. Mukafulumira mupeza mphwephwa zambiri, mukachedwa makoko amatsalira m'nthaka ndi kuyamba kuvunda.

Poumitsa, mtedza usagone pa dothi. Njira younjika mapando mozungulira, masamba kunja makoko mkati, pakati posiya mpata wa mphepo, imaumitsa pang'onopang'ono popanda mame kapena mvula ya mwadzidzidzi kufika pa makoko. Mukathothola, yanikani pa lona kapena pa thandala. Chinyontho chifike pa 7 kapena 8 peresenti musanaike m'matumba. Kugwedeza makoko kuti mumve kulira kumathandiza, koma kopaletivi yofuna kugulitsa kunja iyenera kukhala ndi kachipangizo koyezera chinyontho pa sikelo pomwepo.

Cholakwa chachikulu chimachitika pakhonde. Pofuna kuti makoko afewe, zala zisapweteke, anthu amawaza madzi mtedza usiku n'kuswa m'mawa, ndipo ena amatero dala kuti ulemere pa sikelo. Mtedza wonyowetsedwa chonchi ukalowa m'thumba, m'masiku ochepa chuku chayamba. Njira yothetsera si kulalikira kokha ayi. Ndi kugula mtedza wosaswa, n'kukauswera pamalo amodzi ndi makina. Makinawo akhale ndi sefa yogwirizana ndi kukula kwa mtunduwo, apo ayi amaphwanya njere, ndipo njere yosweka imagwa giredi. Kenako kusankha ndi manja pa tebulo lowala bwino, kuchotsa yonyala, yothimbirira ndi yoboola, kumatsitsa poizoni kwambiri. Thumba lililonse lilembedwe nambala ya kalabu, kuti zotsatira zikaipa mudziwe kumene vuto lachokera m'malo motaya katundu yense. M'nyumba yosungira, matumba akhale pa matabwa, osagunda khoma.

Pali mbali ina imene amalonda sakonda kuitchula. Mtedza wochotsedwa posankha uja, umene uli ndi poizoni wambiri, nthawi zambiri umabwerera pamsika wa kwathu n'kusinjidwa nsinjiro za phala la ana. Aflatoxin amayambitsa khansa ya chiwindi ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Pulogalamu yogulitsa kunja imene ilibe dongosolo la kumene zotsalirazi zipite, monga kukayenga mafuta ndi makina oyeretsa, ikungosamutsira poizoni m'mbale zathu.

Mtunda wopita kunyanja

Kuchoka pachipata cha Dedza kudzera ku Tete kukafika ku Beira ndi makilomita opitirira 800. Ku Durban ndi opitirira 2,000. Wa ku Córdoba amayenda pafupifupi 400 kukafika kudoko la Rosario, osadutsa malire a dziko lina. Mtunda sitingausinthe, koma umatiuza katundu woyenera kunyamula. Tingoyerekeza kuti kunyamula tani imodzi kukafika kudoko ndi madola 100. Pa katundu wa madola 400 pa tani, mayendedwe adya 25 peresenti. Pa wa madola 1,200 adya 8 peresenti yokha. N'chifukwa chake mtedza wosankhidwa bwino, makadamiya kapena tsabola wouma zitha kuwoloka nyanja, pamene chimanga ndi kabichi sizingathe.

Ndalama zambiri sizithera pa dizilo yekha, zimatheranso pa kuima. Thiraki ikagona masiku awiri pachipata chifukwa chikalata chimodzi chalembedwa kulemera kosiyana ndi china, mwini wake amawerengera tsiku lililonse, ndipo sitima ya pamadzi ikaphonyedwa, kontena imalipitsidwa malo padoko mpaka sitima ina. Pali mwayi umodzi umene amalonda ang'onoang'ono sautola: popeza timagula zambiri kuposa zimene timagulitsa, mathiraki ambiri obweretsa feteleza ndi katundu wina amabwerera opanda kanthu, ndipo mtengo wa ulendo wobwerera umakambirana. Kontena yake iyenera kukhala youma, yosanunkha mankhwala, yoyalidwa mapepala ndi zoyamwa chinyontho, chifukwa ikatentha masana n'kuzizira usiku imachita thukuta mkati ndipo chuku chimayambira pa nyanja pomwepo.

Njanji tili nayo kale m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Imachokera ku Kanengo kudzera ku Salima, Golomoti ndi Sharpevale mpaka ku Balaka, n'kukakumana pa Nkaya ndi yopita ku Nayuchi ndi Nacala. Koma sitima siyiimira matumba 50. Imafuna katundu wodzaza mabogi pa tsiku lodziwika, ndipo kutsitsa mbewu za kumtunda kudzera msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti kumapindula pokhapokha pansipo pali nyumba yosungira ndi polongezera.

Ndalama yogulira ndi mtengo wa kwacha

Mgwirizano wa kopaletivi umasweka mu Meyi ndi Juni. Venda amafika pamudzi ndi sikelo ndi ndalama m'manja, pamene kopaletivi ikuti dikirani wogula alipire. Mlimi amene ali ndi fizi ndi ngongole ya banki mkhonde sangadikire, ndipo si kuti ndi wosakhulupirika. Kopaletivi yopanda ndalama yolipirako gawo loyamba pa sikelo siyingadzaze thiraki. Koma ndalamayo ndi yodula. M'zaka zaposachedwapa chiwongoladzanja cha ngongole za bizinesi chakhala chikufika 30 peresenti kapena kuposerapo. Mukabwereka K100 miliyoni kwa miyezi inayi, kuchokera pogula mpaka wogula wakunja kulipira, mubweza K10 miliyoni yapamwamba. Mnzanu wobwereka pa 8 peresenti alipira yosakwana K3 miliyoni. Kusiyana kumeneku kokha kutha kudya phindu lonse. Zothandiza zake ndi malisiti a nyumba zosungira mbewu, monga a bungwe la msika wa mbewu la ACE, amene amakhala chikole kubanki. China ndi wogula wovomera kulipirako patsogolo. Ndi kufupikitsa masiku a pakati pa sikelo ndi doko. Thandizo la mapulojekiti otukula ulimi wa malonda monga AGCOM lamangira magulu ambiri nyumba zosungira ndi kugula makina, koma nyumba yopanda ndalama yogulira mbewu imakhala yopanda kanthu.

Ena amati kugwetsa kwacha kumapangitsa katundu wathu kutchipa kunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma zogulitsa kunja sizinadumphe. Chifukwa chake n'chakuti mafuta, feteleza, matayala ndi zipangizo za makina timagula ndi madola, ndiye zonse zimakwera limodzi; komanso dziko silingagulitse matani amene silinakolole. Choipa kwambiri ndi kusiyana kwa mtengo wa dola kubanki ndi wa mumsewu. Wogulitsa kunja mwalamulo amalandira ndalama zake kudzera kubanki ndipo gawo lina amayenera kulisintha pa mtengo wa boma. Wozembetsa pa njira zachidule amasinthira mumsewu, ndiye atha kupereka mtengo wokwera kwa mlimi popanda kufunsa za giredi kapena chinyontho. Pa mpikisano wotere wosamala ubwino wa katundu ndi amene amagonja, ndipo mlimi amaphunzira kuti kusankha mtedza n'kutaya nthawi.

Misika ilipo, koma malamulo asamasinthesinthe

Msonkho wa pachipata si vuto lathu lalikulu. Ku European Union katundu wa Malawi amalowa popanda msonkho pansi pa dongosolo la mayiko osauka limene linayamba mu 2001. Tili mu msika wopanda msonkho wa Comesa kuyambira 2000 ndi wa Sadc kuyambira 2008, ndipo tinavomereza mgwirizano wa malonda wa Africa yonse, AfCFTA. Kuti mupindule nazo pamafunika chikalata chosonyeza kumene katundu wachokera, chikalata cha umoyo wa mbewu chochokera ku nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, zotsatira za labotale monga ya Malawi Bureau of Standards kapena ina imene wogula amaikhulupirira, chilolezo cha unduna wa zamalonda pa mbewu zimene lamulo latchula, fomu ya CD1 yodzera kubanki, ndi kulembetsa katunduyo ku MRA. Dzina la katundu, kulemera ndi chiwerengero cha matumba zifanane pa mapepala onse. Amalonda ang'onoang'ono a m'malire muno adziwe kuti Mozambique sali mu Comesa, choncho njira yofewetsedwa ya Comesa imene anzawo amagwiritsa ntchito pa Mchinji si ya pa Dedza kapena Biriwiri.

Chimene chimathawitsa ogula ndi chiletso chadzidzidzi. Mukasainirana mu Febuluwale, boma n'kuletsa kutumiza mbewuyo kunja mu Juni, wogulayo chaka chamawa apita ku Zambia kapena ku Tanzania. Kutseka zolowa nakonso kuli ndi mtengo wake: mu 2025 Malawi ataletsa katundu wina wakunja, Tanzania anabwezera potseka zathu mpaka maboma awiriwa atakambirana. Ndipo kudalira wogula mmodzi alimi a nandolo a ku Bwanje ndi ku Manjawira akukudziwa. Mu 2017 India ataika malire pa nandolo wolowa m'dziko lake, mitengo kuno inagwa pansi ndipo ambiri anasiya kulima. Mgwirizano wa 2021 wa matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu unabwezeretsa msikawo, koma wogula wamkulu akadali yemweyo.

Nanga kachewere wa ku Bembeke ndi Tsangano?

Mbatata ya kachewere pafupifupi 80 peresenti ndi madzi, ndiye za ku Ulaya tiiwale. Ngakhale ku Tete si kophweka, chifukwa tsidya la msewu wa M1 pa Lizulu, ku Angónia, amalima yomweyo pa nyengo yomweyo. Mpikisano wa kachewere ndi msika wa dziko lonse lapansi ukuchitikira m'mafiriji a masitolo a ku Lilongwe ndi Blantyre, mmene mumapezeka tchipisi chowumitsidwa ndi chisanu chochokera kunja. Dola yopulumutsidwa pamenepo ndi yofanana ndi dola yopezedwa pogulitsa kunja. Wopanga tchipisi amafuna mbatata ya mtundu umodzi, yaikulu mofanana, youma mkati kupitirira 20 peresenti, yopanda shuga wambiri amene amadetsa tchipisi m'mafuta, ndipo aipeze miyezi yonse 12. Ife timamupatsa thumba losokerera pamwamba, zazikulu kumwamba zazing'ono pansi, zokumbidwa khungu lisanakhwime, zochuluka mwezi uno mwezi wamawa kulibe. Gwero lake ndi mbewu: kubzala timbatata totsalira pamsika kumafalitsa mavairasi ndi matenda ofotetsa, amene amakhala m'nthaka ngati simuchita kasinthasintha wa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo chiwawu chimamaliza zotsalazo nthawi ya dzinja. Mbewu yoyera yosungidwa m'nyumba yolowa kuwala pang'ono, kudula masamba masabata awiri musanakumbe, ndi kubzala mosinthana kumunda ndi kudimba ndi zimene ziyenera kuyamba fakitale isanamangidwe.

Mawu oti tiziwonjezera phindu pa zokolola ndi abwino, koma makina ambiri aima m'maboma muno chifukwa anagulidwa katundu wodyetsa makinawo asanakhalepo. Botolo la chiponde, chivindikiro ndi chizindikiro chake nthawi zambiri ndi zochokera kunja, ndipo chiponde chopangidwa ndi mtedza wachuku chimakanidwa mofanana. Magetsi nawo ndi a dziko lonse: ngakhale ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 kuyambira 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale chaka chomwecho n'kuchotsa mamegawati 130, kuthimathima kunagwira aliyense. Fakitale yoyendera jenereta ya dizilo siyingapikisane ndi ya ku South Africa kapena ku India. Kusankha, kuika magiredi, kuyeza ndi kulongeza bwino ndi kuwonjezera phindu kale, ndipo sikufuna magetsi ambiri.

Kopaletivi imene ikuyamba isathamangire Rotterdam. Iyambe ndi fakitale ya m'dziko muno imene imayeza chuku, kenako wogula wa ku Zimbabwe, Kenya kapena South Africa, ndi thiraki imodzi. Mgwirizano ulembedwe mbewu isanabzalidwe, ndipo utchule mtundu wa mtedza, kukula kwa njere, chinyontho, kuchuluka kwa zosweka kololedwa, malire a aflatoxin, labotale imene zotsatira zake onse adzazivomereze, malo amene katundu adzasinthire manja, ndi masiku olipirira. Ndime ya labotale ndi imene ambiri amaiwala. Ngati kuyeza kudzachitikire kwa wogula kokha, katundu atayenda kale makilomita 2,000, wogulitsa alibe pokanira akauzidwa kuti mtengo watsika. Choncho zitsanzo zitapidwe onse akuona thiraki isananyamuke, zigawidwe patatu, ndipo gawo limodzi lisungidwe lomata kuti likayezedwe kwina pakabuka mkangano.